Nsapato Zobwereka

MUTU 7

1. Beseni la m'mawa

Tsiku la Mzime linkayamba ndi mwendo. Atsikana anzake akadzuka ankathamangira pagalasi, koma iye ankathamangira pabeseni. Dzina loti Mzime analipeza chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa m'nyumbamo, ndipo linamukakamira mpaka kusekondale, moti ngakhale aphunzitsi ankamuitana choncho.

Mwendo wake wamanzere unayamba kutupa ali m'kalasi yomaliza ya pulayimale. Sanagwe, sanalumidwe ndi kanthu. Unangoyambira pakakolo, n'kumakwera mwakachetechete mpaka m'munsi mwa bondo. Kuchipatala anamuuza kuti tinjira timene madzi a m'thupi amadzera pochoka kumwendo sitigwira bwino ntchito, ndiye madziwo amangodikha pamenepo. Anati matendawa satha, koma amamvera munthu wowasamala.

Kusamalako sinali ntchito ya waulesi. Ankatsuka mwendowo ndi sopo ndi madzi ofunda pang'ono, n'kuupukuta mofatsa, makamaka pakati pa zala. Kenako amayi ake ankagwada n'kutsegula zalazo chimodzichimodzi, kufufuza mng'alu kapena kachilonda. Akakhutira, Mzime ankadzola mafuta, n'kusisita kuchokera kuphazi kukwera kumtunda. Pomaliza ankalimbana ndi sokosi yothina ya kuchipatala, yomwe kuivala kwake kunkatulutsa thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Madzulo mwendo unkakwera pamapilo ngati bwana.

Zonsezi Mzime anali atazizolowera. Chomwe sanachizolowere ndi nsapato.

Bambo ake anali osoka nsapato, ndipo phazi lotupalo analisokera nsapato yakeyake: yotakasuka, yachikopa chofewa, yomanga ndi zingwe kuti azimasula phazi likakula masana. Posafuna kuti mwana wawo aziyenda ndi ina yaikulu ina yaing'ono, yakumanja anaisoka yaikulunso, n'kuikamo siponji m'kati. Zinali nsapato zosokedwa ndi chikondi, koma chikondi sichiyang'ana fasho. Kusukulu ankazitcha malole.

2. Chenjezo pashedi

Mzime anali ndi mawu. Akayamba kuimba, ngakhale anyamata aphokoso a kumbuyo ankatseka pakamwa. N'chifukwa chake aphunzitsi a kwaya anamusankha kuti atsogolere nyimbo pampikisano wa masukulu. Kwaya yopambana inali yoti ikapikisane m'ndime yomaliza ku mzinda waukulu Loweruka linalo, ndipo kumeneko ndi kumene mtima wa Mzime unali.

Koma wotsogolera nyimbo sabisala pamzere. Amaima patsogolo yekha, mapazi ali poyera.

Tsiku loti mawa ndi mpikisano, anadzera kushedi ya bambo ake pakona ya msewu. Munkanunkha guluu ndi polishi. Nsapato za anthu zinali m'mashelefu, zina zitayasama kukamwa, zina zopanda zidendene. Bambo ake anali atakhala pakampando kawo, akupukuta malole aja mpaka kumawala.

"Taona, mayi," iwo anatero monyadira. "Mawa oweruza azidziyang'anira nkhope m'menemu."

Mzime anakanda pansi ndi phazi. "Anzanga onse avala zofanana, Ababa. Zakuda, zokhala ndi kalamba kamodzi."

"Izinso n'zakuda."

"Eya."

Bambo ake anaika nsanza pansi n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Munthu amene wagwira mapazi a anthu moyo wake wonse samva mawu okha.

"Khala apa, mwanawe," iwo anatero. "Mawa mukaima nthawi yaitali, ndipo dzuwa la masiku ano ukulidziwa. Mwendo wakowo umadana ndi zinthu ziwiri, kuima ndi kutentha, ndiye mawa ukumana nazo zonse. Ukapeza mpata, khala pansi, ukweze phazi pachikwama. Akakuseka, aleke aseke, mano ndi awo. Sokosi usavule ngakhale ikuyabwe chotani. Ndipo nsapato ya munthu wina usayerekeze dala kuilowetsa. Mnzako nsapato ikamuluma, amachita thuza, mawa lauma. Iwe thuza lako ndi khomo, ndipo alendo olowera pamenepo sagogoda. Anamwino anatiuza tonse, iwe uli pomwepo. Ine sindikuletsa kukongola ayi. Ndikungoti kukongola kwa tsiku limodzi kusakudyere mwendo wa moyo wonse. Wandimva?"

"Ndamva, Ababa."

Anamvadi. Makutu ake analibe vuto lililonse.

3. Kuchimbudzi cha holo

Mnzake wapamtima wa Mzime ankatchedwa Kagalasi, chifukwa m'thumba la yunifolomu yake simunkasowa kagalasi kodziyang'anira. Sanali mtsikana woipa mtima. Vuto lake linali lakuti ankaganiza ndi maso.

Atafika kuholo kumene kunali mpikisano, Kagalasi anakokera Mzime kuchimbudzi cha atsikana, n'kutulutsa pepala lapulasitiki m'chikwama.

"Ndakubweretsera. N'za achemwali anga, n'zazikulupo kuposa zanga."

Zinali nsapato zakuda zonyezimira, zosongoka kutsogolo, zokhala ndi kalamba kamodzi. Mzime anazigwira ngati dzira.

"Sizingandikwane, iwe."

"Ndi chisokosi chakocho sizingakwane, inde. Chivule. M'mawa uno phazi lako likuoneka bwinobwino. Taona, likusiyana pati ndi linalo?"

Pamenepo Kagalasi sananame. Phazi logona pamapilo usiku wonse, n'kumangidwa ndi sokosi kuyambira m'mawa, limaoneka lofatsa. Ndi mmene limanamizira eni ake.

"Ababa andiletsa," anatero Mzime, koma mawu ake anali atafooka kale.

"Ababa ako ali kuno? Tamvera, mnzanga. Anthu adzaza holo yonse, aliyense foni m'manja. Iwe uli patsogolo. Ukufuna mawa dziko lonse lizitumizirana malole? Nyimbo yako palibe aimve, onse maso adzakhala pansi. N'kanthawi kochepa chabe. Tikangotsika pansanja uvula."

Mzime anakhala pachivundikiro cha chimbudzi. Anamasula zingwe za nsapato za bambo ake. Anakoka sokosi ija mpaka inatuluka, ndipo mwendo unamva kamphepo komwe unali utakaiwala. Kenako anakankhira phazi m'nsapato yonyezimira. Zala zinapanikizana, chidendene chinakana, koma Kagalasi anathandizira ndi chogwirira cha supuni, mpaka chinalowa.

Ataimirira n'kuyang'ana pansi, misozi inalengeza m'maso. Kwa nthawi yoyamba kuchokera kupulayimale, mapazi ake anali ngati a wina aliyense. Malole ndi sokosi anazikwirira pansi pa chikwama.

4. Kanthawi kochepa

Kanthawi kochepa ka Kagalasi kanatalika. Oweruza anachedwa kufika. Atafika, magetsi anazima. Makwaya anawaimika pamzere panja, padzuwa, kudikira kuitanidwa, ndipo sukulu ya Mzime inali kumapeto kwenikweni.

Poyamba nsapato inkangofinya. Kenako inayamba kuluma. Dzuwa litafika pamutu, kalamba kaja kanali katamira m'mnofu, ndipo phazi linatukumuka mbali zonse ziwiri za lambalo. Mzime ankasinthasintha miyendo. Pambali panali benchi, koma kukhala n'kukweza phazi kukanaitana maso, ndiye anangoluma mano.

Aphunzitsi a kwaya anadutsa akuwerenga ana awo. Anali mayi wachangu, wa maso akuthwa pa makolala ndi mataye, koma tsiku limenelo pansi sanayang'anepo.

"Mzime, uli bwino? Nkhope yatani?"

"Ndi mantha chabe, Madamu."

"Mantha asiye panja pano. Lero tikudalira iwe."

Ndipo anaimbadi. Zimenezo tisamubere. Mawu ake anakwera mpaka kudenga la holo, anthu anaimirira, oweruza anaiwala kulemba. Polengeza kuti sukulu yawo ndiyo ipite ku mzinda waukulu, atsikana analumphalumpha n'kukumbatirana. Mzime yekha ndiye sanalumphe.

Kuchimbudzi kuja, nsapato inakana kutuluka. Phazi linali litakula m'kati momwemo. Kagalasi anagwada n'kukoka, Mzime atagwira paipi ya madzi.

"Pang'onopang'ono, iwe! Mayo!"

"Pirira, yatsala pang'ono!"

Nsapato inang'ambika m'mbali n'kutuluka, koma sinatuluke yokha. Kuchidendene kunali thuza lalikulu lomwe linaphulika, ndipo khungu linasendeka n'kutsalira m'nsapatomo. Pamwamba pa phazi, pomwe panadutsa lamba, panali mzere wofiira wotuluka timadzi.

Atsikana awiriwo anayang'anizana.

"Achemwali andipha," anatero Kagalasi, akuyang'ana nsapato.

Pampopi panalibe sopo, ndipo panja basi inali ikuliza hutala. Mzime anapukuta balalo ndi pepala la m'chimbudzi, n'kukokera sokosi yothina pamwamba pake. Inavuta kulowa kuposa masiku onse. Nsapato yong'ambikayo anaiponya m'chikwama chake, ati aone chochita.

5. Chitseko chokhoma

Kulakwa koyamba kunali kuvala nsapato. Kwachiwiri kunali kwakukulu kuposa koyambako, ndipo kunachitikira kunyumba.

M'mawa mwake Mzime analowa kubafa ndi beseni lake n'kukhoma chitseko. Amayi ake anagogoda.

"Nanga lero zala sitiona?"

"Ndaona kale, Amayi. Ndakula tsopano, ndizidzionera ndekha."

Amayi ake anaima kanthawi panja. Mawu amenewo anali atawayembekezera kwa nthawi yaitali, ndipo anakondwa kuti mwana wawo wayamba kudzisamala. Anabwerera kukhitchini akung'ung'udza nyimbo ya mpikisano ija.

M'bafamo Mzime anapeza sokosi itamatirira pabala. Anainyowetsa, n'kuimatula akuluma mlomo. M'mbali mwa balalo munali mutafiira. Akanangotsegula chitseko n'kunena kuti, "Amayi, taonani," tsiku lomwelo akanapita kuchipatala, n'kubwerako ndi mapiritsi m'manja. Koma kuonetsa bala kunali kuulula za nsapato, ndipo kuulula za nsapato kunali kuyang'ana bambo ake m'maso. Anatsuka msangamsanga n'kuvalanso sokosi yomweyo.

Tsiku lotsatira anachitanso chimodzimodzi. Poyenda ankayesetsa kusatsimphina akamadutsa pashedi.

Zinamugwira ali pakati pa kuyeserera nyimbo, masana dzuwa likuswa mtengo. Anayamba kumva kuzizira. Mano anagundana, mawondo ananjenjemera, ndipo m'mphechepeche munatuluka mwanabere wowawa. Aphunzitsi atamugwira pamphumi anachotsa dzanja msanga.

"Mwana uyu akutentha ngati mbaula! Mzime, chikukupweteka n'chiyani?"

Mzime anangoloza mwendo. Aphunzitsi atatsitsa sokosi, atsikana omwe anali pafupi anabwerera m'mbuyo. Mwendo unali wofiira, wonyezimira, wotupa kuposa mmene unakhalira chiyambire. Kagalasi anagwira pakamwa n'kutuluka panja.

6. Mzere wa cholembera

Anamugoneka m'wodi ya amayi, pabedi la pafupi ndi zenera. Anamuika diripi pamkono, mwendo n'kuukweza pamapilo. Anamwino omwe ankamuona kuyambira kale anabwera ndi cholembera, n'kujambula mzere pakhungu kuzungulira pomwe kufiira kunalekezera, chapansi pa bondo.

"Mzere uwu ndi mboni yathu," iwo anatero. "Kufiiraku kukabwerera m'mbuyo, ndiye kuti mankhwala akugwira, ndipo mwina adokotala angakutulutse Loweruka lisanafike. Kukadumpha mzerewu, tisintha mankhwala, ndipo ukhala nafe mpaka sabata yamawa. Za ulendo uiwale."

Mzime anayamba kulira. Anamwino anamusiya alire pang'ono, kenako anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ndikuuze zoona, mwana wanga, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Kuvala nsapato yothina kunali kupusa, koma kupusa kwa msinkhu wako, tonse tinadutsamo. Chomwe chandikwiyitsa ine n'kubisa. Mwendo ngati wakowu sutha kudzimenyera nkhondo wokha. Tizilombo tikalowa, timapeza madzi odikha, timaswana ngati kwawo. Ndipo nthawi iliyonse ukadwala chonchi, tinjira tija timawonongeka tina, mwendo n'kutsala wokulirapo kuposa kale. Zimenezo sizibwerera. Ndaona amayi akuluakulu amene anayamba ngati iwe, kubisa kachilonda kamodzi chifukwa cha manyazi, lero sangathe kukwera basi. Ndaonanso ena a mwendo ngati womwewu akuphunzitsa, akuyendetsa magalimoto, akulera ana awo. Kusiyana kwawo si mwayi. Enawo akaona kachilonda amanena tsiku lomwelo. Bala ulionetse likadali laling'ono, ngakhale kulionetsako kukuchititse manyazi. Manyazi sagoneka munthu m'chipatala."

Chakumadzulo, nthawi yoona odwala, kunabwera bambo ake. Amayi anali atapita kukatenga zovala. Bambowo anakhala pampando, chipewa pabondo, pepala lapulasitiki m'manja. Anayang'ana diripi, anayang'ana mwendo, n'kuyang'ana panja.

Kenako anatsegula pepalalo. Munali nsapato yonyezimira ija.

"Amayi ako aipeza m'chikwama," iwo anatero. "Ndaisoka. Ukatuluka ukabweze kwa eni ake, upepese."

Anali ataisokadi, mwaluso moti pong'ambika sipankaoneka. M'kati anali atatsukamo.

Mzime anadikira kukalipiridwa. Ankafuna kukalipiridwa, chifukwa mkwiyo umatha msanga. Koma bambo ake anayankhula motsitsa, ngati akudziyankhulira okha.

"Ine ndimati ndikukusokera chitetezo. Kani ndimakusokera manyazi. Zaka zonsezi ukuchoka m'nyumba utavala chinthu chokuliritsa, ine n'kumapukuta, n'kumanyadira."

"Ayi, Ababa, si choncho."

"Amazitcha chiyani kusukulu?"

Mzime anatembenukira kuzenera.

"Nena, mayi. Dzina lilipo, ndikudziwa."

"Malole."

Bambo ake anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anagwedeza mutu, n'kupukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya kwa nthawi yaitali.

"Ukanandiuza," iwo anatero. "Manja ndili nawo. Ndikanayesa kapangidwe kena, n'kulephera, n'kuyesanso. Koma unaona kuti n'kwapafupi kuuza mnzako kusiyana ndi ine."

Belu lotulutsa alendo linalira. Anaimirira, anakonza pilo pansi pa phazi la mwana wawo, n'kutuluka osatembenuka. Mzime anawayang'ana pazenera akudutsa pabwalo. Sankadziwa kuti bambo ake amayenda chowerama choncho. Chisoni chimene chinamugwira pamenepo chinaposa ululu wa mwendo, ndipo panalibe diripi yochichotsa.

7. M'mawa

Kutacha, thupi linali litazizirako. Mutu unapepuka, ndipo anamwa tiyi yense amene anamupatsa. Mayi wa pabedi loyandikana ndi lake anamuuza kuti nkhope yake yawala. Mtima wa Mzime unayamba kuthamangira ku mzinda waukulu.

Anamwino anali adakali kumapeto kwa wodi, akupereka mankhwala bedi ndi bedi. Mzime sanathe kudikira. Anadzuka pang'ono n'kukweza nsalu yofunda.

Kumunsi, chakukakolo, kufiira kunali kutazirala. Koma kuseri kwa bondo, komwe munthu sangaone pokhapokha atapinda mwendo, kunali kutadumpha mzere wa cholembera. Sikunapite patali. Kunangopitirira ngati kukula kwa chala chimodzi.

Anayang'anitsitsa, akuyembekeza kuti mwina ndi mthunzi. Anakhudza ndi chala. Panali potentha.

Nthawi yomweyo anamva mawu odziwika pakhomo la wodi, akufunsa bedi la mtsikana wa sukulu. Mzime anagwetsa nsalu ija msanga n'kuwongola mwendo.

Aphunzitsi a kwaya anafika akupuma mofulumira, chikwama pakhwapa. Anamwino nawo anali atafika pabedi loyandikana ndi la Mzime, thireyi ya mankhwala m'manja.

"Mwana wanga, wadzuka bwanji? Koma ukuoneka bwino!" anatero aphunzitsi. "Tamvera, sindikhalitsa. A mpikisano akufuna ndiwauze lero lomwe dzina la wotsogolera nyimbo, ndipo likapita silisinthidwa. Ukakhala kuti sukwanitsa, ndiyambe kuphunzitsa wina masana ano. Anzako onse akudikira yankho lako. Mwendo ukuti bwanji? Tikudalire?"

Anamwino anaika thireyi patebulo n'kutembenuka.

"Tiyeni timve kwa mwini wake," iwo anatero. "Ndakuona ukusuzumira, Mzime. Mzere wathu ukuti chiyani?"

Mzime anayang'ana aphunzitsi, n'kuyang'ana anamwino. Dzanja lake linali litagwira m'mphepete mwa nsalu, ndipo ngakhale iye mwini sanadziwe ngati likufuna kuikweza kapena kuipanikiza.